Machaka a Nambala Sikisi

M'sitolo ya a Milburn ku Rothbury
mumanunkha mafuta a mfuti ndi galu wonyowa.
Ndalowa ndi chiphaso m'thumba la jekete,
chija ndinachidikira miyezi isanu,
wapolisi atabwera kudzagwedeza kabati yachitsulo
kuona ngati ndinaikhomerera bwino kukhoma,
dokotala atasaina kuti mutu wanga ukuyenda bwino.

"Ya agologolo?" afunsa osakweza maso.
Ayala zifefe zitatu patebulo
ngati mizimbe pamsika.

Choyamba ndi thwelofu, chakukamwa kwakukulu.
Ndachiika paphewa, chandikokera kutsogolo.
Ichi chimaponda ngati bulu, atero,
ukayenda nacho tsiku lonse m'mapaini
madzulo mkono umakhala wa eni.

Chachiwiri n'chowonda ngati bango,
cholira monong'ona,
koma chimafuna gologolo waulemu
woti atsike pafupi, akhale phee, akudikire.
Agologolo a kuno ulemu wotero alibe.

Chachitatu, twente, cha mipope iwiri,
mtengo wake wasalala ndi manja a munthu wina
amene anatsikira kulichete dzinja lathali
mkazi wake n'kudzachigulitsa.
Achigoneka pachigongono panga,
chala chafika pokhethemulira osanyanyamphira.
"Chakukwana ngati nsapato."

Bambo anga ku Ntchisi sankasankha.
Gogodera anali mmodzi yemweyo,
womangidwa ndi waya ndi mphira wa njinga,
onga wa m'nyanga, machaka a misomali yodula.
Akawombera anyani m'chimanga
ankadikira utsi uthe kuti adziwe ngati alasa.

A Milburn atsitsa kabokosi.
Nambala ikamakula, machaka akuchepa msinkhu,
zinthu za kuno n'zachafutambuyo.
Seveni ndi wa mbalame, gologolo amangomuyabwa,
chikopa chake n'cholimba ngati lamba.
Folo ndi wochepa m'kati, nyama imadutsa m'mipata.
Tenga sikisi.
Mitengo ikavala masamba udzabwerere faifi.
Usamusiye wovulala,
ndipo usawombe usanadziwe chili kuseri kwa nthambi.

"Koma kaya nambala yanji, yamba waona mtundu.
Wofiira usamukhudze,
wa tsitsi m'makutu uja, ndiye mwini nkhalango.
Wotuwa ndiye womba.
Anabwera pa sitima ya pamadzi kalekale,
olemera anachita kumuitanitsa
kuti awakongoletsere minda.
Ndiye waswana. Akusenda makungwa,
akudya za mnzake, akumupatsira zilonda."

Akunena izi akundiwerengera chenji,
mokoma mtima,
sakuganiza china chilichonse.
Inenso anachita kundiitanitsa, pa ndege,
kudzasambitsa nkhalamba za ku Morpeth,
kenaka ntchito ya m'nkhalango inapezeka.
Ndangoti zikomo.
Belu la pachitseko lalira kumbuyo kwanga.

Loweruka, chisanu chili mbuu pa udzu.
Wilf Dodd wanyamula ndodo yaitali yolumikiza,
mpweya ukutuluka m'kamwa mwake ngati wa ketulo.
Wagogoda chisa m'mphanda ya mtengo,
kamodzi, kawiri,
timitengo tagwera m'khosi mwanga.
Atuluka awiri.
Wina wathamangira kumanzere, wina walumpha,
mchira uli tambalala m'mwamba,
ndipo chala changa sichinandifunse.

Phewa lamva pang'ono chabe.
A Milburn sananame.

Ndamutola pa masamba ouma.
Akutentha kupyola magolovesi,
kulemera kwake ngati theka la paketi ya shuga,
timanja tapindika ngati tikugwirabe kanthu.
Machaka atatu pachifuwa, amodzi kumutu,
sanavutike.
Ndamutembenuza kufuna kuona chilendo chake.
Ndaona mimba yoyera, ndevu, mano achikasu.

"Dzanja labwino," atero Wilf,
walemba kamzere m'kabuku konyowa.
Akuti chaka chino ofiira aoneka asanu ndi awiri
kutsidya kwa mtsinje,
ndipo nkhope yake yawala ngati akunena za adzukulu.
Ndikumukhulupirira.
Ndinamuonapo mmodzi, kamoto kakang'ono pa nthambi,
mtima wanga unadumpha.

Ndathyola chifefe, chikungwa chotentha chagwera m'dzanja.
M'thumba zipolopolo zatsala twente-folo.
Winayo ali pamwamba penipeni pa mtengo,
wadziphatika kukhungwa, akupuma mofulumira,
akudikira kuti tidutse.