Mipope ya M'chifuwa

Zaka makumi atatu ndi zinayi ndakhala ndikumvetsera mapaipi.
Ku Chilomoni, ku Zingwangwa, kuseri kwa mafakitale a ku Makata,
ndinkagogoda ndi sipanala, khutu pachitsulo,
n'kuuza mwini nyumba: kumbani apa.
Paipi yotsekeka silira ngati inzake.
Imayankha cham'mphuno,
ngati munthu wokwiya amene akuti palibe kanthu.

Lero wotsekeka ndine.
Chitunda cha ku Goliyo, chija ndinkakwera giza ili paphewa,
chikundiimitsa katatu.
Ndimawerama ngati ndikumanga nsapato.
Nsapato zake n'zopanda zingwe.

Adokotala anati ndi mafuta, a Namakhwa,
akanirira m'makoma a mitsempha ngati girisi wakale.
Ndinati, ali pati? Lozani ndi chala.
Anati ena timawaona,
koma oopsa ndi ofewa aja, obisala m'kati mwa khoma,
amene amaphulika osatsanzika.

Lamulungu kunabwera Elube, mwana wanga wa ku labu,
ndi foni yake yosweka pakona.
Ababa, taonani. Chithunzi chotuwa ngati phulusa,
ndipo pakati pake kadontho.
Kunja uko akuyesa tinthu tina, anatero,
tochepa moti chikwi titandanda pamzere
sitingadutse m'lifupi mwa tsitsi limodzi.
Kalikonse amakaveka kambedza
kodziwa pamene khoma latupa, basi.
Amatibaya pamkono, timatengeka ndi magazi,
pabwino timangodutsa ngati minibasi yodzadza,
tikafika powola n'kukakamira pomwepo, mulu.
Kenako makina a maginito amationa titasonkhana
n'kunena kuti maliro angachokere apa.

Ndinaseka mpaka chifuwa chinandigwira.
Chaka china ku Namiwawa, kunyumba ya mmwenye wa matayala,
madzi ankathawira pansi pa simenti osadziwika potulukira.
Anyamata ankafuna kuswa nyumba yonse.
Ine ndinathira buluu wochapira m'thanki,
ndinakhala pa ndowa n'kumadya chimanga chootcha
kufikira khoma la kubafa linachita manyazi, n'kudera.
Tinaswa njerwa ziwiri zokha.

Ndiye kuti ndi buluu wanga uja, ndinatero,
wangopita kusukulu.

Tifika liti kuno?
Elube anazimitsa foni, anaiika chafufumimba patebulo.
Zambiri akadayesera pa mbewa, ababa.
Ha! Mbewa za kumeneko n'zodala.
Zakuno timazitunga pakamtengo, n'kuzigulitsa m'mbali mwa msewu.
Sanaseke. Anawerenga mapilitsi anga m'kabotolo,
anapeza atatu amene ndinalumpha,
ndipo anandiyang'ana ndi maso a malemu mayi ake.

Tsopano pachiwaya cha kwa Chinseu ndimadutsa ngati wangongole.
Mchere anaubisa. Ndikudziwa pamene uli.

Usiku magetsi akathima ndimagona chagada,
chala pakhosi, kumvetsera ntchito yomwe sindingaifikire.
Ndimationa tinthu tija, tiana ta ntchito tosalipidwa,
titanyamula titochi,
tikutsika ndi mkono, tikukhota pa phewa,
tikufunsana njira pa mphambano za mtima
monga mlendo pa depoti ya Wenela,
mpaka kamodzi kaima, kagogoda,
kaitana anzake.

Sindikudziwa ngati tidzandipeza ndikadali mlendi m'thupi lino.
Mwina tidzapeza Elube, atakalamba, akupuma pachitunda chomwecho.
Nayenso adzanamizira nsapato.

Cha m'ma fili koloko madzi amabwerera ku Ndirande.
Mpope wa panja umayamba n'kutsokomola,
kulavula mphepo, dzimbiri, kenako mphepo,
ndipo ndimadzuka ndi zidebe, pang'onopang'ono,
kukaima pamdima, dzanja pachitsulo chozizira,
kudikira kuti ayere.