Wosesa pa Linga

Mzinga uwu sunabadwire kuno.
Akuti unachokera kugombe, kumadzi amchere,
kumene unkadikirira zombo.
Kuno ku Mulanje umangoyang'ana tiyi
ndi chiperoni akamatsika phiri
ngati munthu woiwala chimene wadzera.

Ine ndine Mulipa, wosesa.
Boma linandipatsa chikwanje, buku la alendo,
ndi kiyi wa geti lomwe mpanda wake chiswe chinamaliza kale.
Bukulo lili m'chaka chachinayi.
Tsamba lachisanu ndi chiwiri silinadzadze.

Pachikwangwani analemba dzina la kaputeni,
chaka, ndi kulemera kwa chitsulochi.
Za amene anachikoka, zii.
Bambo ankati ambuye awo anali pachingwe chakumanzere
kuchokera kudooko mpaka pano,
ndipo mpaka kufa ankagonera mbali imodzi.
Ndimawauza zimenezi ana asukulu akabwera.
Aphunzitsi amati: lembani zapachikwangwani,
ndizo zimabwera pamayeso.

Chaka chimene napolo anatsika
ndi miyala yaikulu ngati golosale,
mudzi wakumunsi unapita usiku umodzi.
Linga ili, ngakhale mng'alu.

Patatha sabata anabwera abiti Mwalabu ndi wilibala yobwereka,
matope ouma mpaka m'mawondo.
"Makumi awiri okha, achimwene,
zapakona paja, zomwe zinagwa tisanabadwe.
Ndikweze pogoneka mwana, pansi pakunyowa."
Ndinawawerengera lamulo monga linalembedwera:
wochotsa kanthu pano, chindapusa kapena ndende.
Anandiyang'ana.
Kenako anayang'ana mzinga, nthawi yaitali.
"Nanga uwu ukulondera yani?"
Wilibala inabwerera ikulira,
mumadziwa mmene imalirira ikakhala yopanda kanthu.

Usiku umenewo sindinagone.
Osati chifukwa cha chisoni chokha, ndisaname;
ntchito ino ndi yomwe imalipira fizi ya Esinati.

M'kamwa mwa mzinga mwalowa njuchi tsopano.
Sizinalembe m'buku.
Masana dzuwa likawotcha chitsulo
mumamveka kung'ung'udza m'kati,
ngati wakale uja akuyesa kukumbuka mawu ake
koma akungotulutsa uchi.
Ndazisiya. Palibe ndime yonena za njuchi.

Bwana wa ku ofesi amabwera kawiri pachaka
ndi fomu ndi nsapato zosayenera phiri.
Amafunsa: zonse zili m'malo?
Ndimati zili m'malo, bwana.
Njerwa zapakona zinali makumi anayi ndi zitatu
pamene ndinkayamba ntchito.
Iye sanaziwerengepo.
Chikwama changa chakuntchito chimalowa botolo la thobwa,
mbatata ziwiri,
ndipo pobwerera madzulo chimalemerako pang'ono.
Njira yanga imadutsa kwa abiti Mwalabu.

Njerwazo anaumba ndi anthu akuno,
zina zikadali ndi zala zawo.
Ndinayesa kuikamo zanga tsiku lina:
chachikulu chinakwana,
zinazo ayi.