Jekete la Twaibu

Dzuwa la Okutobala ku Mangochi silidziwa tayi,
koma Twaibu amamanga ndithu,
jekete la pakaunjika kwa M'baluku
litamukanirira ngati ngongole.
Pa kabaza thukuta limayenda kamtsinje kumsana.
Akangoima pa kauntala,
amayi odzasungitsa za usipa amamutcha bwana.

Lolemba manijala adalengeza:
"Lachisanu muzivala momasuka,
majekete azitsala kunyumba."
Onse m'manja.
Abiti Sumani adayamba pomwepo kusankha chitenje.

Twaibu duu.
Akudziwa ndani kuti kunsi kwa jekete
malaya ake okhawo
ali ndi chipsera cha simbi ya makala
pakati pa mapewa, chonga phazi la mwana?

Lachisanu adafika atalivala,
mabatani onse otseka.
"Chimfine," adatero, akudzikhosomoletsa,
malata a banki akuthetheka ndi kutentha.