Buku la pampu ya ku Makhanga

Pampu idafa chaka chija Ruo adalowa m'nyumba zathu.
Idangoti phee m'kashedi kake ngati mvuu yokalamba,
mavu atamanga chisa pakhosi pake.
Buku lake lidapulumukira m'chitini cha penti,
koma a Fulukiya atalizondotsa, kulitembenuzanso,
adati, "Izi zidapalasa ndi nkhuku."

Ine ndidalipinda m'thumba.

Usiku wa Okutobala, mphasa pabwalo,
thukuta likudonthera pa foni yobwereka kwa mlamu,
udzudzu wa m'dambo ukundiimbira m'khutu,
ndidayambanso sitandade wani, ndevu zili mbuu.
Zilembo zake n'zakuba maina:
amene ndinkamutcha P adati ndine R,
H adandikana poyera, nati N.
China chidatambalala ngati nkhanu,
china n'kankhokwe koima pa miyendo iwiri.

Juwana, atatopa ndi kung'ung'udza kwanga:
"Chirasha chimenechi mudzalankhula ndi yani kuno?
Ng'ona za ku Chiromo?"
Sindidayankhe. Chimanga chathu chinali chitapota masamba,
Shire akudutsa potero, wokhuta, osatiyang'ana.

Liwu loyamba kundigonjera linali voda.
Madzi.
Ndidaseka ndekha mumdima:
kani a kuchisanu nalonso ludzu amalidziwa!

Miyezi isanu, chala pansi pa mzere.
Tsamba la makumi anayi ndi chitatu lidalankhula:
masula kabawuti ka pamwamba, mpweya uyambe watuluka.
Basi. Zaka zonsezi pampu sinafe,
idangotsamwa.

Ndipo m'mphepete mwa tsambalo, ndi pensulo yofufuma,
dzanja la munthu lidasiya mawu:
"Ndaiyesa, ikugwira. Osamangitsa.
Lero kukuzizira."
Sindikudziwa dzina lako, mmisiri mnzanga,
kaya ukadali moyo, kaya zala zako zidafunda.
Ndakumva patapita zaka,
ndili pamalo pomwe phula limasungunuka masana.

Lachinayi m'mawa pampu idakhosomola kawiri,
idalavula dzimbiri ndi chule mmodzi,
kenaka ngalande idadzaza mpaka kumunda kwa a Fulukiya.
Iwo adangovula chipewa, kuchivalanso.

Madzulo Juwana, akusenga nsomba, osadzutsa mutu:
"Nanga zikomo amati chiyani kwawoko?"
Sipasiba.
Adaliyesa kawiri, lidamuterera pa lilime.
Masamba otsala ndi makumi asanu ndi limodzi,
ndipo mlamu akufuna foni yake.