Gudumu Silinama

Che Twaibu abwera ndi fulashi yomangirira ku makiyi.
Akufuna kalendala ya gulu lawo la kabaza,
anyamata a pa siteji ya kutsidya kwa mlatho, ku M'baluku.
Chithunzi n'chimodzi: amuna makumi awiri ndi atatu,
aliyense atagwira njinga yake panyanga ngati mbuzi ya malonda.

Ndachilowetsa mu kompyuta.
Bokosi lomwe ndinachikonzera pamwamba pa Januwale
ndi loimirira ngati chitseko.
Chithunzicho n'chogona.

Ndadina kuti chidzaze bokosi, ndipo chamvera.
Onse alowa, koma aonda ngati usipa wa pathandala,
makosi atalika, Che Twaibu asanduka kakowa.
Iwo akuseka: "Zisiyeni, ndi momwe chatichitira chaka chino."
Ndawalozera m'munsi.
Magudumu onse ndi mazira oimikidwa.
Nkhope imalolera bodza pang'ono,
gudumu ayi.

Ndabweza. Ndagwira pakona, chala china pa shifiti,
kuti m'litali ndi m'lifupi zichepere limodzi.
Magudumu azunguliranso bwinobwino
koma anthu ndi mzere wa nyerere pakati pa pepala loyera.
Palibe mayi angaloze wake pamenepo.

Njira yotsala ndi ya lumo:
chikule, chosefukira chibisale kuseri kwa malire.
Kumanja kwasowa anayi.
Kumanzere kwatsala chigongono chokha
ndi kansalu ka malaya ofiira.

"Ameneyo ayi."
Kuseka kuja kwatha.
"Ndi Ajasi. Lole ya mchenga inamupeza pa Soko,
Ramadani itangoyamba.
Chithunzi chake china tilibe."

Fani yaima. Magetsi aphethira, abweranso.
Thukuta latsetsereka kumsana mpaka pampando.
Panja wina akuitanira madzi ozizira.

Ndaliyang'ana tsambalo nthawi yaitali
ndisanakumbuke kuti bokosili silinagwe kumwamba.
Ndinalijambula ndine m'mawa uno,
tiyi ali m'dzanja lina.

Ndaligwira m'mbali, ndalikoka,
lagona kuchokera m'mphepete mpaka m'mphepete.
Miyezi yapanikizana pang'ono, ipirira.
Uthenga wa tcheyamani watsikira kunsi kwa Disembala
m'zilembo zofuna magalasi.
Chizindikiro cha sitolo ya hadiweya, yomwe yalipira theka,
chatsala ngati sitampa ya pa envulopu.

"A hadiweya adandaula," ndawachenjeza.
"Adandaule. Ndikawanyamulira simenti ulere sabata yonse."
"Nanga uthenga wanu?"
"Ndani amawerenga za tcheyamani?"

Pulinta yakhosomola, yameza pepala,
yalibweza lofunda ngati chigumu.
Che Twaibu apukuta manja pa buluku asanalilandire.
Sanadziyang'ane pomwe aima pakati.
Ayambira kumanzere, pa malaya ofiira,
chala chikuyenda osakhudza inki,
milomo ikuwerenga chamumtima.

Afika kumapeto, abwereranso.
Ulendo uno akuwerenga magudumu.