Theka la Piritsi

Dokotala Quezada analemba pa kapepala:
theka la piritsi m'mawa, theka madzulo.
Akuti mtima wa Polilla wakula kuposa chifuwa chake.
Ndinali nditatsika naye masitepe onse
a chitunda chathu cha ku Valparaíso
nditamukolopatira ngati thumba la anyezi,
ndipo pokwera, kabotolo m'thumba la jekete
kankalira ngati chisekese pa sitepe iliyonse.

Tsiku loyamba ndinamukanula kukamwa ndi zala
monga anandionetsera.
Ndinamutseka pakamwa, ndinamusisita pakhosi,
ndinawerenga mpaka khumi.
Anandiyang'ana ndi diso lake la ng'ala lija
ngati ndamubera.
Madzulo posesa ndinalipeza kuseri kwa filiji,
loyera mbee, lonyowa pang'ono.

Ndiye tinayamba kunamizana.
Tchizi: anadya tchizi yekha, piritsi n'kulisiya pasimenti
lotsukidwa bwino ngati mbale ya alendo.
Soseji, chimodzimodzi.
Buledi wonyika mumsuzi wa nsomba
anangomununkhiza, n'kutembenuka, n'kundilozetsa mchira.
Ine amene zaka makumi atatu padoko
ndinkatsitsa makontena kuchoka m'mwamba
n'kuwakhazika pamalo pake osaphonya ndi chala,
ndinagwada m'khitchini
kupembedza galu wa mano asanu.

Wenceslao wa kubutchala ndiye anandithandiza
akupukutira mpeni pa epuloni:
"Timibulu titatu ta chiwindi.
Koyamba kopanda kanthu.
Kachiwiri ndi kamene kali ndi mlandu.
Kachitatu ukanyamule m'mwamba iye akuona.
Adzameza kachiwiri mtima uli pa kachitatu."
Ndinamufunsa komwe anaphunzira zimenezi.
Anati kwa mayi ake,
chaka chimene anayamba kuiwala mayina a ana awo.
Kenako anandikulungira chiwindi, osachiika pasikelo.

Zinatheka. Kwapu, kwapu, kwapu.
Milungu iwiri ndinayenda modzitukumula ngati ndawina lotale.
Kutsokomola kwa usiku kunachepa,
anayambiranso kuuwa amphaka a pamalata a oyandikana nafe,
ngakhale mawu ake tsopano ndi a chitseko chadzimbiri.

Koma galu wamkota sakandira pachabe.
Lachinayi lina kukuwomba mphepo ya kunyanja
ndinamupenyetsetsa.
Koyamba amameza osaganiza.
Kachiwiri amakasunga m'tsaya kamphindi,
maso ali pa ine, osati pa dzanja langa,
kenako n'kumeza pang'onopang'ono
ngati munthu amene akusaina chikalata
chomwe waliwerenga kale kawiri tsamba lake lomaliza.
Akudziwa.
Mwina wakhala akudziwa chiyambire.
Akungondilola kukhala wochenjera m'nyumba muno
pamtengo wa timibulu titatu.

Lamlungu mwana wanga Ximena anabwera kuchokera ku Quilpué.
Pofuna shuga anatsegula kabati yolakwika,
anapeza botolo langa la mankhwala a kuthamanga kwa magazi,
analigwedeza pafupi ndi khutu.
Linali lodzaza ngati tsiku lomwe ndinagula.
Sananene kanthu, anatengera mayi ake.
Ndinamumva akuchedwa m'khitchini,
supuni ikuphwanya kenakake pa kambale.

Anabwera ndi tiyi ndi timakeke titatu topaka jamu.
Ndinadya koyamba.
Kachiwiri kanandiwawa kumapeto kwa lilime,
kuwawa kumene ndimakudziwa.
Ndinakasunga m'tsaya.
Iye anali atanyamula kachitatu m'mwamba,
akudandaula za kukwera kwa mtengo wa basi,
maso ali pawindo, chala chaching'ono chikunjenjemera.
Pansi pa tebulo mchira wa Polilla
unandigunda pamwendo kawiri.

Ndinameza.
Kumunsi kudoko sitima inalira ikutuluka.
Ndinatambasula dzanja kuti andipatse kachitatu,
n'kunena kuti jamu wa chaka chino ngwabwino.