Choko pa Msana wa Mlonda

Miyezi isanu ndi umodzi munameza mapiritsi a TB, bambo,
m'mawa uliwonse chong'a m'kabuku,
koma chifuwa sichinawerenge kabukuko.
Lero a Nyirongo akweza ekisire pa windo la wodi.
Mtambo woyera wakhala kumanzere ngati mwini nyumba,
ndipo dzina lake alitchula motsitsa mawu.

Atatuluka mwandikoka chitenje:
Mwandida, fizi yako inadya njinga yanga ndi mbuzi zinayi,
tandiuza m'chiyankhulo chathu,
walowa ndani m'mapapo mwangamu?

Palibe walowa, bambo. N'chimene chikundiwawa.

Mukukumbuka shedi ya mpunga ku Bua?
Zaka makumi awiri, inu ndi choko kukhutu,
kubaya thumba, kununkhiza, kuluma njere imodzi.
Lonyowa, lofumbwa, munkalilemba mzere pamimba,
anyamata n'kulisenza osafunsa.

M'thupi namonso muli mashedi.
Selo lililonse, lochepa kuposa fumbi la deya,
lili ndi akalaliki ake, maenzayimu, oyenda ndi choko.
Puloteni ikakalamba, ikapindika molakwika,
amailemba kamodzi, kawiri, kanayi,
kachigayo konga mgolo n'kuimeza,
n'kulavula tizidutswa tomangira ina.
Ndi kusesa chabe. Popanda iwo tikanafa ndi zinyalala.

Ndiye pali mlonda.
Ku koleji timamutcha p53, ngati nambala ya minibasi.
Selo likafuna kugawikana, iye amawerenga kaye malembo ake;
akapeza pong'ambika amatseka geti, konzani kaye,
zikakanika amaliuza: gona, usadzukenso.

Pa mtendere kalaliki amamulemba naye tsiku ndi tsiku,
kuti alonda asachuluke n'kumatseka mageti popanda chifukwa.
Wenzulo ikalira, choko chimabwerera m'thumba,
mlonda n'kuima.
Koma m'zotupa zina akalaliki amaswana,
makutu gwa,
mlonda akangovala yunifolomu, mzere pamsana,
akangotuluka wina, mzere,
chigayo chili pululu usiku wonse kugaya anthu abwino,
ndipo geti lili pululu.
Selo limodzi, awiri, anayi,
palibe wofunsa chiphaso.

Sindikudziwa ngati mwa inu zili choncho.
Mwina utsi wa chingambwe unathyola mlonda mwendo kalekale.
Kanyama kamene anadula kapita ku Lilongwe m'kabotolo,
yankho lidzabwera likadzafuna.

Mwakhala chete. Dilipi ikudontha.
Pabedi la pambali wina akusaka netiweki,
foni m'mwamba ngati akupereka nsembe.

Kenaka, pakati pa kutsokomola:
Chaka cha njala chija
ndinalemba matumba atatu a mayi Nasibeko.
Anali ouma, ndinaluma ndekha, anati khwa.
Bwana anandiyang'ana, ine n'kulemba.
Anawagula pa mtengo wa madeya.
Mwana wanga, choko sichidziwa mpunga.
Kodi m'menemo mulibe wofufuta?

Alipo, bambo.
Maenzayimu ena amayenda ndi kasanza konyowa,
kupukuta mzere mlonda asanafike pakamwa pa chigayo.
Ndipo kutali, m'zipinda zozizira,
anthu akuyesa mankhwala ogwira kalaliki dzanja.
Ndaona zithunzi zake m'buku.
Mu famase yathu muli panado ndi mofini wamadzi,
ndi kalata yotitumiza ku Sentolo Lachinayi,
ambulasi ikapeza mafuta.

Mwagwedeza mutu ngati tagwirizana mtengo.
Mwati ndikafunse ngati Nasibeko akadali moyo,
ngati adzukulu ake akulimabe ku sikimu.

Tsopano mwagona.
Mpweya ukulowa ngati thumba lokokedwa pa simenti.
Ine ndanyowetsa mpango pa mpopi wa panja
kuti ndikupukuteni thukuta,
ndipo ndazindikira dzanja langa
likubwerera pamalo amodzimodzi, kumanzere,
kutikita, kutikita,
ngati pali cholembedwa.